Timabotolo Tosiyidwa pa Tebulo

Moni, abale anga otopa. Tithokoze Mulungu amene watidzutsanso lero.

Tsiku lomwe anamuchotsa m'chipinda chofufuzira za magazi, mtsikana wina anatuluka osalira. Anzake ankamutcha Chofufutira, chifukwa pepala la zotsatira za chilichonse chomwe ankayeza linkatuluka loyera mbee, lopanda ngakhale kadontho.

"Mwana iwe, pano si pa tchalitchi poti tizidikira chozizwitsa," anatero aprofesa. "Siya makiyi."

Iye ankafufuza za asilikali a m'thupi, timaselo totiteteza ku matenda. Mdani akalowa, m'kati mwa timaseloti mumamatidwa tizizindikiro tolamula kuti, "Menyani!" Nkhondo ikatha, kanthu kotchedwa fosifatezi kamachotsa tizizindikiroto, asilikali n'kupuma. Mtsikanayo ankafunitsitsa kuona tizizindikiroto ndi maso ake ngati madontho pa pepala, chifukwa asilikali a mayi ake sankapumanso. Ankamenya thupi lawo lomwe, mpaka zala za mayiwo zinapindika ngati mizu.

Masana aliwonse ankasiya timabotolo ta maselo pa tebulo n'kuthamanga kukadyetsa mayi ake, poti supuni sankathanso kuigwira.

Mayiwo anamwalira chaka chomwecho. Pamaliro azakhali anati, "Sukulu yonseyo, mayi ako osawapezera ngakhale panado?"

Mtsikanayo anakalowa ntchito yogulitsa nyama. Tsiku lina mwini butchala anamukalipira: "Iwe, bweza pa ayezi! Nyama ikafunda imadzidya yokha!"

Anaima chilili, atakumbukira timabotolo take tija. Atakafufuza m'mabuku anapeza kuti fosifatezi sileka ntchito ngakhale m'botolo, pokhapokha utaizizitsa kapena kuimanga ndi mankhwala. Nthawi yomwe ankadyetsa mayi ake ndi yomwe inkafufuta ntchito yake yonse.

Anagogoda kwa aprofesa, n'kubwezedwa, n'kugogodanso, ngati wamasiye wa m'Baibulo uja wosatopa kupempha. Pomaliza anamulola kuyesa kamodzi. Anakwirira timabotolo mu ayezi, ndipo madontho anatuluka, akuda bii.

"Bwanji sunanene kuti unkachoka masana?"

"Munandifunsapo, aprofesa?"

Lero amaphunzitsa ena za fosifatezi m'chipinda chomwecho. Masana akakwana salinso ndi wothamangira. Amadya yekha pambali pa ndowa ya ayezi, ndipo chakudya sichikoma.

Abale, sindikunamizani kuti kupambana kumabweza zonse. Koma musataye mtima. Pepala loyera silitanthauza kuti simunalembepo kanthu.

Mwini mtendere alamule nkhondo ya m'kati mwanu kuti ileke, ndipo zomwe anthu sanakufunseni, Iye azikumbukire. Amen.