Msonkho wa Miriam

Mai Marjorie Chisale ntchito saiopa, koma boma amaliopa ngati njoka yolowa m'nyumba. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi ku Zimbabwe, kwa makolo ochokera ku Dedza amene anakalambira kumeneko opanda chitupa cha dzikolo, ndipo anakula akudziwa kuti boma likangokudziwa dzina, mavuto ayamba. Masiku ano amakhala kutsidya kwa nyanja, m'dziko la azungu, ku Thamesmead, komwe amasoka mayunifolomu a amayi a mvano. Amayiwo amachokera kutali ngati ku Tottenham, amanenerera mtengo mpaka thukuta, amamwa tiyi, kenako amadandaula kuti bulauzi yathina ngati kuti wanenepa ndi telala.

Mwana wawo ndi mmodzi, Miriam, wa zaka makumi atatu, amene amayenda pa njinga ya olumala kuyambira ali wamng'ono. Boma limampatsa ndalama ya ulumali yotchedwa PIP. Ndalama imeneyi Mai Marjorie anachita kuimenyera nkhondo: mafunso ochititsa manyazi, madokotala, kukanidwa, apilo. Ndiye musadabwe kuti munthu akangoitchula iwo mtima umakhala m'mwamba.

Miriam ali ndi makina opeta oyendera kompyuta. Anayamba ndi timitanda ta pa mabulauzi a mvano, kenako anapeza makasitomala akeake, matimu a mpira ndi timasitolo tofuna mabaji. Malipiro onse ankalowa kwa mai ake, ndipo Januwale aliyense iwo ankawalemba pa msonkho wawo ngati a utelala. Kwa iwo panalibe chinyengo. Kwawo ku famu mwana akagwira ganyu ndalama ankapereka kwa makolo, basi.

Chaka chino Miriam anadikira mai ake ali ndi mapini kukamwa.

"Amayi, ndikufuna kulembetsa msonkho ndekha, m'dzina langa."

Mapini aja anagwa pansi. "Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Ukawauza kuti ukugwira ntchito, mawa lomwe PIP aidula!"

"Sadula chifukwa cha ntchito, amayi. I checked."

"Wachekera kuti? Pa foni pomwe umaonera amphaka ovina?"

Lamulungu Mai Marjorie anakafunsa a Sunday, mkulu wa mpingo amene alibe funso lomwe linawakanikapo. Munthu ameneyu nzeru zake zonse za msonkho anazitola m'mavidiyo a ku Amereka, koma amayankhula ngati ndiye analemba malamulowo. "Mungomulemba ngati dipendenti, mwana wodalira inu, mayi, boma likubwezerani ndalama," anatero akupukuta magalasi. Mai Marjorie anafufuza fomu yonse mpaka maso kuwawa, malo olembapo mwana osawapeza. Anaimbira ofesi ya msonkho, foni ikuwaimbira kanyimbo kosatha mpaka anamaliza kupinda siketi yonse, ndipo munthu atangoyankha foni inaduka. Zimene ananena pamenepo si za mayi wa mvano.

Pomaliza anavomera kupita ndi Miriam ku kaofesi kopereka uphungu kwaulere ku Woolwich. Kumeneko anapeza Taonga, mtsikana wa ku Mzuzu wophunzira za maakaunti, amene anawalonjera mwaulemu m'Chichewa. Mai Marjorie mtima unakhala pansi, poganiza kuti mwana wa kumudzi ameneyu amvetsa. Koma Taonga atamva nkhaniyo anatembenuza mpando n'kuyang'ana Miriam, ndipo zimenezi zinawawawa kwambiri. Zaka zonsezi madokotala ankafunsa iwo, ngakhale mwini wake ali pomwepo.

"PIP ilibe msonkho, achemwali, simuilemba n'komwe, ndipo sadula chifukwa choti munthu akugwira ntchito," anatero Taonga. "Koma ndalama za mabaji ndi zanu. Mulembetse nokha."

"Nanga za dipendenti zija?" Mai Marjorie analowerera.

"Zimenezo n'za ku Amereka, amayi. Kuno munthu wamkulu aliyense amakhoma wake."

"Wamkulu? Ameneyu ndimamusambitsa ndine!"

Mawuwo atatuluka, iwo eni anamva kuti awonjeza. Miriam sanayang'ane pansi. Anafunsa Taonga ngati akalembetsa adzalandira chikalata chosonyeza zimene amapeza pa chaka, chifukwa eni nyumba akuchifuna.

"Eni nyumba ake ati?" anafunsa Mai Marjorie.

"Ku Barking, kutsidya kwa mtsinje, kuli fulati yapansi, amayi, yokhala ndi bafa lolowa ndi njinga. Anandikana chifukwa pa pepala ndilibe ntchito. Ikapezeka ina sindikufuna kukanidwanso."

Mai Marjorie ananyamula chikwama n'kutuluka osatsanzika, Miriam akuwatsatira pambuyo. Pa siteji anakalipira dalaivala wa basi chifukwa chochedwa kutsitsa chokwerera njinga, anakalipiranso bambo wina amene anaika katundu pamalo a olumala, ngakhale bamboyo anali atayamba kale kuchotsa. Anali atapsa mtima ndi a Sunday, ndi Taonga, ndi boma lomwe silidula msonkho pa ndalama ya ulumali koma n'kukulanda mwana kudzera pa msonkho womwewo. Koma kunena zoona, chimene chinawagwira kwambiri anali mantha.

Basi itanyamuka Mai Marjorie anayamba, mawu ali pansipansi. "Ndiye ndinakulakwira chiyani? Ukagwa m'bafa akakutola ndani? Aneba a ku Barking?"

"Simunalakwe kanthu, amayi."

"Nanga ukuthawa chiyani?"

"Sindikuthawa. Msana wanu watha, ndimakumvani mukubuula mukandinyamula. Tsiku lina simudzakhalapo, ndipo ine ndidzayamba kuphunzira zonsezi ndili pa maliro anu. Ndikufuna ndiphunzire panopa, kuti ndikalakwitsa ndizikuimbirani foni muzindikalipira."

Mai Marjorie anatembenukira ku windo. Anthu anatsika, ena anakwera, iwo dzanja litagwira chogwirira cha njinga ija ngakhale mabuleki anali omanga. Atayandikira kwawo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kufunsa mokalipa ngati kuti Miriam ndiye anaika mtsinje pakati pa Thamesmead ndi tsidya linalo.

"Ku Barking kwakoko, munthu wochokera kuno amakwera chiyani?"