Amene Anavomera Dzina Langa

Anaodira Lachitatu m'mawa, nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri lonse. Anali amuna awiri ovala majekete. "Aphunzitsi a mpingo ndinu? Tiyeni tikacheze pang'ono." Mlandu wanga unali mawu amene ndinanena pamaliro a mkhristu mnzathu kwa Kaphuka, oti sanafe ndi malungo.

Anandifunsa masiku atatu, funso lake limodzi: wakutuma ndani? Kuyambira pamenepo khutu langa lakumanzere silimva.

M'chipinda cha ndende chimene ananditsekera tinalimo khumi ndi mmodzi. Lachisanu lililonse masana kunkabwera galimoto, injini osazimitsa. Mlonda ankaitana dzina limodzi pachitseko. Woitanidwayo ankapinda bulangeti lake n'kutuluka. Palibe anabwererako. Mabulangetiwo ankangosanjikizana pakona, ndipo ngakhale kuzizire chotani palibe ankawafunda.

Pafupi nane pankagona bambo wina wachikulire, mlimi wa ku Linthipe, wodwala chifuwa. Tsiku lina anandifunsa: "Aphunzitsi, mumati Yesu anatiwombola. Anatani kwenikweni?"

Ndinayankha monga ndinkaphunzitsira: anadzipereka nsembe, nasenza chilango chathu kuti tiyanjanenso ndi Mulungu.

"Anayamba watifunsa ngati tikufuna?"

"Ayi."

Anakhosomola nthawi yaitali. "Ana muli nawo angati?"

"Anayi."

Lachisanu lachisanu ndi chiwiri kunabwera mlonda wachilendo, wosatidziwa nkhope. Anaitana dzina langa. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikunena kuti khutu logontha ndilo linaloza kuchitseko. Ndinkanama. Ndinamva bwinobwino, koma lilime linauma.

"Wawa," anavomera bambo aja. Anapinda bulangeti mosafulumira, natuluka osandiyang'ana.

Mvula yoyamba itagwa, mkulu wa alonda anabwera kudzatiwerenga. Nditatchula dzina, anayang'ana m'buku, kenaka anayang'ana ine. "Ameneyu anapita kale. Muno sitisunga mizukwa. Tuluka."

Kwathu ndinapeza atalira kale maliro anga. Mkazi wanga, mutu wometa, anandigwira mkono n'kuufinya kuti aone ngati muli fupa.

Patatha chaka ndinalimba mtima n'kupita ku Linthipe. Mkazi wa bambo aja ndinawapeza akuthirira kabichi kudimba. Ndinawauza zonse, ndi za lilime lomwe.

"Ndibweze chiyani, mayi?"

Anatula keni yothirira pansi. "Muli nacho chobweza, bambo? Anakupatsani okha. Kakhaleni nawo moyowo, musautaye."

Ndinkayesa kuti ufulu ndi wopepuka. Wanga ukulemera ngati munthu wamkulu, ndipo ndimausenza tsiku ndi tsiku. Ndimaphunzitsabe. Ndikafika ponena kuti Khristu anafa m'malo mwathu tili chikhalire ochimwa, ndimaima kaye, akhristu n'kumaganiza kuti ndaiwala mawu. Sindikhala nditaiwala. Ndimakhala ndikumvetsera munthu akupinda bulangeti.