Chipinda cha Makoma Atatu

Ku Kamwendo ankanditchula kuti madala a penti. Ndikatsika minibasi ndi chitini changa, anyamata a kabaza ankayamba kukuwa ndisanawoloke n'komwe msewu. "Bisani makoma, afika aja!" Wina ankanditembenuzira msana n'kumati, "Madala, lembaninso apa, nanenso ndaima mumsewu."

Ntchito yanga inali yoyeza ndi kulemba. Lamulo limati m'mbali mwa msewu waukulu muli malo amene munthu sayenera kumangapo. Tinkakoka tepi kuchokera pakati pa tala, ndipo nyumba iliyonse imene tepi yaigwira ndinkailemba ekisi wofiira. Ntchitoyi ndinaipeza nditakula. Unyamata wanga unathera m'zigafa za fodya pa esiteti ina cha ku Kachebere, ndili tenanti, ndipo kuwerenga ndinakaphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale. Ndinkaopa kuti tsiku lina ku ofesi adzati mkuluyu sadziwa kanthu. Choncho tepi yanga ndinkaikoka mpaka kulira.

Koma ekisi sagwetsa nyumba. Ndikalemba pakati pa sabata, pofika Loweruka apakapo laimu. Eni ake ena sankapezeka: uyu ali ku Chipata, uyu ali ku Joni, m'nyumbamo muli alendi amene ankangoti ife sitikudziwa. Ena anali ndi abale ku boma, ndipo foni ya bwana ikalira tinkadumpha sitolo imeneyo ngati palibe. Katapila wogwetsera tinalibe, tinkachita kubwereka kwa omanga msewu akafuna iwowo. Pena chaka chinkatha ekisi ali pakhoma.

Mmodzi mwa amene ndinawalembera anali bambo wina Msilamu wogulitsa zitenje. Nyumba yake inali imodzi yaitali: kutsogolo sitolo, kumbuyo chipinda chimene ankagonamo ndi mkazi wake. Pakati panalibe njerwa, anangogawa ndi matabwa opyapyala. Atandiona ndikulemba, anatuluka akuseka.

"Mtanda pa nyumba ya Msilamu, madala? Mwabwera kudzandibatiza?"

Anandipatsa tiyi. Anati alimi akagulitsa fodya nayenso adzapeza mphamvu, adzabweza sitoloyo m'mbuyo. Fodya asanagulitsidwe anadwala n'kumwalira.

Nthawi imeneyo ndi pamene katapila anapezeka. Bwana wathu, mnyamata wa ku koleji amene ndikanatha kumubereka, anandiitana.

"Ndamva kuti ku Kamwendo kuli maliro pa nyumba ina mwa zimene munalemba zija. Pitani mukaone ngati atha. Sindikufuna kujambulidwa ndikugwetsa nyumba anthu akulira."

Ndinapita. Pamsewu panalibe masamba osonyeza maliro. Pakhomo panalibe tenti, panalibe amayi ophika, panalibe nyimbo. Sitolo ya zitenje ija inali yotseka basi. Anyamata a kabaza anandiuza kuti anaika kale, tsiku lomwelo, monga amachitira Asilamu. Kwathu tikaika, n'kumeta, anthu amabalalika, ndipo wamasiye amayamba kutuluka. Sindinagogode. Ndinabwerera n'kukanena kuti, "Atha, bwana."

Tinafika m'mawa, apolisi ali nafe. Katapila anayambira kumunsi, akutafuna makonde ndi maokala, anthu akuthamanga ndi malata awo pamutu. Titafika pa sitolo ya zitenje, kuseri kunatulukira mayi wachikulire, mkulu wake wa wamasiyeyo. Anagwada m'fumbi pamaso pa bwana.

"Bwana, muli munthu m'nyumbamu. Ali pa eda."

"Pa chiyani?"

"Pa eda, bwana. Kwathu mwamuna akamwalira, mkazi amabindikira m'nyumba imene anamusiyamo miyezi inayi ndi masiku angapo. Satuluka, sadzikongoletsa, amuna achilendo samuona. Wangoyamba kumene."

Bwana ananditembenukira. "Madala, simunati atha?"

"Maliro atha, bwana. Izizi sindinkazidziwa."

"Ndiye atuluke pang'ono. Tikamaliza abwereramo."

"Tamuuza," anatero mayi aja. "Ngakhale a Shehe anena kuti pa ngozi akhoza kutuluka. Wakana. Akuti mwamuna wake anamusiya m'menemo, adzatulukamo tsiku lake likakwana."

Dalaivala wa katapila anasuzumira pawindo. "Akuluakulu, dizilo akupsa. Masana makinawa akufunika ku mlatho. Tikudya kapena tikudumpha?"

Anthu anali atatizungulira. Amene tinali titawagwetsera kale ndiwo ankakuwa kwambiri. "Mukadumpha apo mutimangire zathu! Ifenso tinaferedwapo!" Sitolo yoyandikana nayo, ya munthu wa abale ku boma, tinali titaidumpha kale, ndipo bwana ankadziwa kuti kudumpha ziwiri motsatana n'kuitana miyala.

"Madala, tepi ikuti chiyani?"

Ndinakoka tepi kuchokera pakati pa tala, kutsata khoma la m'mbali. Inathera pamene panathera sitolo. Ndinakondwa, ndikukumbuka bwino kuti ndinakondwa.

"Chipinda sichili mumsewu, bwana. Sitolo yokha. Mayiwo akhale momwemo."

Ndinaviika burashi n'kujambula mzere wofiira pakhoma mpaka pansi, kuti dalaivala aone polekezera. Achibale anatulutsa zitenje n'kuziunjika panja. Katapila analowa bwinobwino, sanadutse mzere wanga ngakhale pang'ono. Koma mitengo ya denga inali yochokera kutsogolo kukafika kumbuyo. Ataikoka, matabwa ogawa aja anatsatira, n'kugwera kunja onse pamodzi ngati chitseko.

Fumbi litachepa, tonse tinaona. Makoma atatu, denga lopendekeka, bedi, neti, ndowa yausiku pakona. Mkanjo wa malemu unali pamsomali. Pamkeka panali mayi wofunda nsalu yoyera, wopanda nsapato, atakhala moyang'ana khoma lakumbuyo. Sanatembenuke.

Kenako wina anaseka, ndipo mafoni anakwera m'mwamba.

"Eee, kanema waulere!"

"Mayi, mwatsegula shopu ya mtundu wanji?"

"Tatembenukani tikuoneni, mwina tifunsira!"

Mkulu wake uja anathamanga n'kumufunditsa chitenje. Kenako iye ndi amayi ena anatola mitengo m'zigumukamo, n'kuizika kutsogolo kuti amangirirepo zitenje za pa mulu uja. Pansi pa chipinda panali simenti, choncho anazika pamene panali dothi, kunja pang'ono kwa mzere. Bwana anaona.

"Chilichonse chodutsa mzere chichoke. Tikalola mitengo lero, mawa ndi njerwa. Madala!"

Ndinazula mitengoyo ndine. Ndinaitsamiritsa ku makoma, mkati mwa mzere, n'kuipanikiza ndi njerwa zosweka. Pochita zimenezo ndinali pafupi ndi mkeka moti ndinkamva mayiyo akunong'ona mapemphero. Mkulu wake anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mwagwira ntchito." Katapila anali atapita kale pa nyumba yotsatira.

Masabata otsatira ofesi inkandituma kukaona ngati anthu sakumanganso. Zitenje zija zinali pomwepo, zatsopano, za maluwa ndi mbalame, zikusuluka ndi dzuwa. Mathiraki opita kumalire akadutsa, mphepo yake inkazikweza m'mwamba, ndipo madalaivala ena, atamva nkhaniyo, ankaimba hutala dala. Anyamata a kabaza anasamutsa siteji yawo n'kuiika moyang'anana ndi chipindacho. Mvula itayamba, zitenje zinkamatirira pamitengo, madzi n'kumalowa mpaka kubedi. Mayiyo sanatuluke.

Achibale ake anabwera ku ofesi kudzapempha kuti amange khoma. Anauzidwa kuti abweretse pulani, ndipo komiti yoona mapulani idzakhala ikadzakhala. Anadikira, kenako anachita zimene aliyense amachita: anamanga Loweruka, ife kulibe.

Lolemba bwana anandituma ndi tepi. Khomalo linali la njerwa zosawotcha, lopanda windo. Linali litadutsa mzere ndi njerwa imodzi, chifukwa mkati munalibe poliimika popanda kuchotsa bedi. Ndinayeza kawiri. Anthu anali ataima kumsika kundiyang'ana, amene tinawagwetsera aja ali patsogolo. Ndinatsegula chitini.

Dothi linali lisanaume, penti ankakana kugwira, moti ndinachita kubwereza. Ndili mkati molemba, ndinamva mawu kuseri kwa khoma, otsika, osanjenjemera. Aka kanali koyamba kumva mayiyo akulankhula ndi munthu.

"Ndani ali apo?"

"Ndi a penti aja," anayankha mkulu wake mkatimo.

"Auzeni alembe msanga. Fungolo likundipweteka mutu."

Ndinamaliza n'kutseka chitini.

Katapila sanapezekenso chaka chimenecho. Mayiyo anamaliza eda yake m'chipinda chamdima chija, ndipo tsiku lake litakwana anasamba, anavala, n'kukwera minibasi ya kwawo. Nkhope yake sindinaionepo. Amene anamuona akukwera amati ankatsokomola kwambiri.

Ndinapuma pantchito kalekale, koma ndikamapita kuchipatala ku boma minibasi imaima pomwepo kudikira anthu. Sitolo ya munthu wa abale uja ilipobe, anawonjezeranso khonde. Khoma lija liliponso, m'chipindamo amasungiramo matumba a soya. Ekisi wanga palibe anamupaka laimu.