Musanditchulenso Adokotala

Ku Malawi ndinali dokotala. Ndinkachita maopaleshoni, kubereketsa amayi ovutika, ndipo anamwino ankandipatsa mpando. Nditafika ku London anandiuza kuti mapepala anga ndi abwino ndithu, koma kuno sagwira ntchito mpaka nditakhoza mayeso awo n'kuvomerezedwa. Mnzanga wina wochokera kudziko lina la ku Ulaya, yemwe tinkakwera naye basi ya ku Thamesmead, anangofika n'kuyamba ntchito m'chipatala, poti maiko awo anapangana kale zolemekezana masatifiketi. Ine ndinkasambitsa nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba. Zinkandiwawa, sindibisa.

Chonditonthoza chinali tchalitchi chathu cha ku Tottenham. Amalawife maudindo timawakonda. Munthu angapume uphunzitsi kalekale, amafa ali aphunzitsi. Ndiye ine kumeneko ndinali adokotala. Tikaweruka, amayi ena ankandikokera pambali kundionetsa mawondo otupa. Ndinkawatumiza kuchipatala, koma dzinalo linkanditsekemera.

Lamlungu lina nditatsika basi ndinaona chithunzi changa pakhomo la tchalitchi, chachikulu, choyang'ana kumsewu. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti dokotala wathu adzapima odwala kwaulere Loweruka. Anapachika ndi mkulu wa mpingo, bambo okoma mtima koma osadziwa kufunsa. Iwo ankati akundilemekeza, ndipo anali atachitumiza kale m'mafoni a anthu.

Kuno kudzionetsa ngati dokotala wovomerezeka usanavomerezedwe ndi mlandu, ndipo pempho langa loti andivomereze linali m'manja mwa anthu ofufuza khalidwe la munthu kuposa apongozi. Wina akanangowatumizira chithunzicho, mayeso onse ndinavutikira aja akanalowa m'madzi. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve. Maso anali kukhomo, ndipo aliyense woima panja kuwerenga ndinkati basi, andipeza.

Nthawi ya zopereka ndinapita kwa mkuluyo kuwapempha kuti achichotse. Anaseka, nati ndisachite manyazi ndi mphatso ya Mulungu. Koma nditawafotokozera kuti ndi mlandu anamvetsa. Anati popeza uthenga wafika kale kwa anthu, pafunika kulengeza. Ndinavomera msanga, ndiponso ndinawathokoza.

Anaimirira kutsogolo.

"Abale, za Loweruka zija zalephereka. Mlongo wathuyu si dokotala ayi. Tisamutchulenso choncho."

Liwu loti "kuno" analiiwala. Amayi a mawondo aja anandiyang'ana ngati ndawabera nkhuku. Ndinafuna kuimirira kuti ndikonze, koma mafoni anali m'mwamba kujambula mapemphero monga mwa nthawi zonse, ndipo kunena pagulu kuti ndine dokotala ndi chomwe ndinkathawa.

Nkhani ya Amalawi siyenda pansi, imauluka. Ndisanafike n'kunyumba komwe foni inalira. Anali mayi anga ku Dedza, omwe anaimba nthungululu mpaka mawu kutha tsiku limene ndinamaliza maphunziro. Sanandipatse n'komwe moni.

"Mwanawe, ndamva zomwe alengeza kutchalitchi. Ndiuze zoona, ine ndine mayi ako. Zaka zonse zija unkaphunzira chiyani?"

Ndinali m'basi yodzaza ndi anthu osamva Chichewa ngakhale liwu limodzi. Komabe ndinayang'ana kaye uku ndi uku, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja.

"Ndine dokotala, amayi," ndinanong'ona.

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, sindikukumva."

Sindinakweze.