Lipenga Lomwe Linkathamangitsa Achimwene

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene achimwene anga Alubino anatulukira pakhomo pathu ku Moatize. Ife tinali titabwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Iwo anagwidwa ndi asilikali ali kamnyamata, ndipo tinali titawalira kale. Anabwera ataonda, osakonda kuyankhula. Nthawi zina ankangosowa, n'kukapezeka ku Zóbuè akuyendayenda pamsika wa pamalire. Amayi ankakhala mtima uli m'mwamba, kuopa kuti tsiku lina adzapitiratu. Ngakhale chitseko tinkachitseka mochinyengerera.

Ine ndinkaimba m'gulu la malipenga la kutchalitchi. Chida changa chinali trompa, lipenga lopindika ngati nkhono, la makiyi atatu. Makiyi a trompa yakale ankakoka ndi tizingwe, ndipo tizingweto tinkakonda kuduka anthu ali tcheru. Kutabwera ina yamphatso, yokhala ndi timikono tachitsulo m'malo mwa zingwe, mphunzitsi wathu, a mestre Juliyasi, anaipereka kwa ine. Ndinabwera nayo kunyumba mapewa ali m'mwamba, osamva ndi fumbi la ku migodi ya malasha lomwe.

Amayi anandiletsa kuiliza pakhomo, kuopa kudzidzimutsa achimwene. Choncho masana ndinkakhala kuseri kwa nyumba kuzoloweretsa zala zokha, osauzira mpweya. Tizitsulo tija tinkangoti kete, kete. Ine sindinkatimva n'komwe.

Achimwene anayamba kuipiraipira. Anasiya kudya nafe, n'kumakhala atatsamira khoma, maso ali kukhomo. Tsiku lina ndili pa makiyi anga ndinamva amayi akukuwa. Nditathamangira kutsogolo ndinapeza achimwene ali chafufumimba kuseri kwa matumba a makala, thukuta lili kamukamu. Atadzuka analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga zovala zawo mtolo.

Amayi anagwada pakhomo. "Mwanawe, takulakwira chiyani?"

"Mayi, pali munthu akumakoka mfuti kuseri kwa nyumbayi masana aliwonse. Akufuna ine. Ndikakhala pano mufa nonse."

Pomwepo ndinazindikira kuti ndi makiyi anga aja, chifukwa kuseri kuja kunkakhala ine ndekha. Ndinaopa kunena, poti sindinkadziwa chimene angandichite. Koma mtolo unali utafika kale paphewa. Ndinakatenga trompa n'kuima chapatali.

"Achimwene, yang'anani zala zangazi."

Ndinakanikiza kiyi imodzi. Anadzidzimuka ngati aponda moto. Anaiyang'ana trompayo nthawi yaitali, kenako anati, "Bwereza." Ndinabwereza, misozi ikutsika. Pang'onopang'ono anakhala pansi, mtolo uli pamiyendo.

"Kuthengo kuja," anatero, "ukamva chimenecho kumbuyo kwako, sumatembenuka."

Za nkhondo sanatiuzenso china moyo wawo wonse.

Madzulo omwewo ndinabweza trompa yatsopano n'kupempha yakale ija. A mestre anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Yazitsuloyi ndi yolimba koma ndi yolongolola. Yazingwe ili duu, koma idzakuchititsa manyazi. Ukudziwa zimenezo, mwana wanga?"

"Ndikudziwa, a mestre."

Inandichititsadi manyazi. Chingwe chinaduka pa ukwati wina, nyimbo ili pakati, anzanga n'kuseka mpaka kugwetsa malipenga. Zinandiwawa kwambiri, sindinama. Ndipo mantha sanathe msanga. Kwa miyezi ndikaweruka kusukulu ndinkayamba ndasuzumira m'chipinda cha achimwene. Ndinkawapeza. Mvula isanagwe anali atayamba kusamba m'manja limodzi nafe, ndipo ku Zóbuè anadzapitanso atakwatira, kukagula mbatatesi.

Lero ndine mayi wa imvi, ndimaphunzitsa ana malipenga. Ndinadzamvetsa kuti phokoso limene iwe suliwerengera likhoza kuchotsa mnzako pakhomo. Ana akamakangana kuti yabwino ndi iti, yazingwe kapena yazitsulo, amayembekeza kuti ndinena za kulimba kwake. Ine ndimayamba ndamufunsa mwanayo kuti, "Kwanu mumakhala ndi ndani?"