Njerwa imene bambo anga amatsekera chumuni

Lachisanu lapitali, nthawi ya nkhomaliro, ndinali pamthunzi wa khoma kuseri kwa wekishopu yathu ku Al Quoz pamene foni inalira. Anali bambo anga ku Dedza, pa vidiyo. Ine thukuta lili kamukamu, iwo ali m'chijasi ndi chipewa chaubweya. Kuno ku Dubai Juni amawotcha ngati ng'anjo. Kwathu ndi mwezi umene madzi a m'ndowa amaluma zala.

"Taona ntchito ya manja anga," anatero, akutembenuza foni.

Ndiyambe ndavomera mlandu, chifukwa nzeruyi inachokera kwa ine. Ndimakonza makina oziziritsa m'nyumba, ndipo ndimagwira ntchito ndi Rashid, wa kumapiri ozizira a ku Pakistan. Iye ndiye anandionetsa kavidiyo ka mbaula yachitsulo ya kwawo, yozingidwa ndi njerwa mbali zitatu. Chitsulo chimatentha msanga n'kuziziranso msanga. Njerwa imamwa kutentha pang'onopang'ono, ndipo moto ukazima imakubweza kwa maola angapo. Ndinatumiza kavidiyoko kwa bambo ndi mawu awiri okha: "Tayesani izi."

Anayesadi. Bambo akhala akumanga nyumba za anthu moyo wawo wonse, ndipo dzanja lawo silinakalambe. Mbaula anakawotcheretsa paboma ndi mgolo wakale. Anaizinga ndi njerwa zootcha, mizere isanu ndi umodzi, zomata ndi dothi la pachulu chifukwa simenti imang'aluka pamoto. Pakati pa chitsulo ndi njerwa anasiya mpata wa zala zinayi. Paipi ya utsi inaboola khoma n'kutulukira panja. Ndinanyadira.

Kenako anatuluka nane panja n'kutola njerwa imodzi yakuda ndi mwaye.

"Apa ndiye ndaposa anzako a vidiyowo. Malawi akatha, patsala makala ofiira okhaokha, iyi ndimaiika pakamwa pa chumuni. Kutentha konse kumatsala m'nyumba."

Atabwerera m'kati ndinaona zina ziwiri. Mabowo a mpweya a pamwamba pa zenera anali otsekedwa ndi masaka. Bedi linali litakokeredwa pafupi ndi mbaula.

Mayi anasuzumira pa foni. "Tikufunda bwino, mwanangu. Koma mutu wokhawu, m'mawa uliwonse ukumalemera. Abambo akowa dzana anadzandira podzuka. Kaya ndi malungo?"



Owerenga anga, si malungo amenewo. Makala ofiira m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni. Mpweyawu suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Utsi wa nkhuni umachenjeza, umaluma m'maso mpaka munthu n'kutsegula chitseko. Uwu umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako umagonetsa munthu tulo tosadzuka.

"Bambo, chonde, njerwayo musaiikenso. Masakawo achoke lero lomwe."

"Iwe, ndiwotche nkhuni kuti ndifunditse mitambo? Wamangapo nyumba zingati? Mu vidiyo yako ija ananena kuti tisatseke?"

Sananene. Kavidiyoko sikakwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo kali m'chinenero chimene ngakhale ine sindichimva. Ndisanayankhe, netiweki inaduka.

Ndinaimba kanayi osalowa. Rashid atandipeza, ndinamufotokozera. Anagwira kumutu.

"Habibi, m'bale wanga, chumuni satseka! Kwathu palibe amene sadziwa zimenezo. Yalla, fulumira, imbanso!"

Vuto lagona pamenepo. Chimene anthu onse a kumalo amachidziwa, palibe amachitchula. Wojambula vidiyoyo anaonetsa kasanjidwe ka njerwa, koma za chumuni sanaone chifukwa chonenera. Ine ndinatumiza theka la nzeru, bambo n'kumalizitsa theka linalo ndi mutu wawo wa ummisiri. Ndipo maganizo awo sanali opusa. Kutentha kumathawiradi pa chumuni. Chimene samadziwa n'chakuti poizoni amathawiranso pomwepo.

Ife a kunja kuno tili ndi chizolowezi chimenechi. Tikakhala mu sitima ya Metro kapena popuma pa ntchito, chala chimangoyenda pa foni. Kavidiyo ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi, tumizani kumudzi. Kalumikizidwe ka batire ya sola, tumizani. Kwathu chinthu chochokera ku Dubai sachikayikira, poti watumiza ndi mwana wophunzira. Ndi angati mwa ife amaimbanso kufunsa kuti mwachita bwanji? Ndi angati amaonera n'komwe mpaka kumapeto asanatumize?

Foni inalowa madzulo, ndipo ndinaimbira mayi, osati bambo. Sindinazungulire. Ndinawauza kuti mutu umenewo ndi chenjezo, ndipo tsiku lina sadzadzuka onse awiri. Kenako ndinamva akuitana: "A Phiri, tabwerani mumve mwana wanu akulira kuno."

Loweruka m'mawa mayi ananditumizira chithunzi. Masaka achoka. Bedi labwerera pamalo ake. Chumuni chili pululu. Pansi pake panali uthenga wa mawu:

"Njerwa ija ndabisa, mwanangu, ndipo lero mutu wapepuka. Koma paja mulu wonse wa njerwa uli kuseri kwa nyumba, ndipo abambo ako akuti usiku wathawu anazizidwa. Komanso aneba athu a Banda ndi a Mbewe anabwera Lachitatu kudzayeza ndi chingwe. Akuti akamanga zawo. Abambo ako anawaonetsa zonse."

Zonse, ndi njerwa yomwe.

Nambala za a Banda ndi a Mbewe ndilibe. Ndapempha mayi kuti apite okha khomo ndi khomo. Chisanu cha Julayi sichinafike n'komwe, ndipo ine ndili kuno kuziziritsa nyumba za eni. Kodi kavidiyo kanga kaja kalowa m'nyumba zingati pofika lero?