Tsamba Limene Linasowa M'buku la Obadwa

Kalata yondiitana kusukulu ya unamwino inafika chaka chimene kampani ya abambo inatsekedwa. Abambo anagwira ntchito kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe, kusoka matumba a ufa, ndipo tsopano ankangokhala pampando wachitsulo kunja kwa nyumba yathu m'komboni ya George, wailesi yopanda mabatire ili pamwendo. Amayi ndiwo ankatidyetsa. Anali ndi kantemba kogulitsirapo tomato ndi kapenta pafupi ndi pompi imene anthu ankatungapo madzi.

M'kalatamo analemba zinthu zoti ndipite nazo: nsapato zakuda, zofunda, zotsatira za mayeso, ndi setifiketi yakubadwa. Anandipatsa milungu isanu ndi umodzi. Nsapato anandibwereka mwana wa azakhali. Zofunda zinalipo. Koma setifiketi yakubadwa ndinali ndisanaionepo, ndipo mwa anzanga onse a m'komboni panalibe amene anali nayo. Ife chimene tinkadziwa ndi kadi ya kusikelo, ija amalembapo kulemera kwa mwana. Yanga inapita ndi madzi tikukhala ku Kanyama, chaka chimene mvula inalowa m'nyumba mpaka m'mawondo.

Lolemba lake amayi anasiyira mnzawo kantemba, tinanyamuka kupita kutauni. Mabasi masiku amenewo anali ochepa, ambiri atafa chifukwa chosowa zitsulo, moti tinayenda wapansi mpaka ku Matero tisanapeze malo. Ku ofesi yolembetsa obadwa tinapeza mzere utatuluka panja n'kukhota pakona. Tinafika pawindo dzuwa lili pamutu.

Kalaliki wake anali bambo wonenepa amene sanakweze maso.

"Mwana anabadwira kuti?"

"Ku kiliniki, bambo," anayankha amayi atapinda mawondo pang'ono.

"Manje pepala ya ku kiliniki ili kuti? Ise sitilemba chabe vinthu va mumutu. Yendani kwamene anabadwira, bakupaseni kalata yochoka mu buku yao."

Tinaima m'mawa wonse kuti timve mawu amenewo basi.

Kiliniki imene ndinabadwira inali kachipatala kakang'ono ka zipinda zinayi. Amayi anaizindikira ndi mtengo wamango umene unali pakhomo, chifukwa zina zonse zinali zitasintha. Magalasi a mawindo anali atasweka, malo ake ataikamo makatoni. Azimayi anakhala pansi pakhonde ndi ana odwala, ndipo aliyense wotuluka m'kati ankatuluka ndi kapepala kokagulira mankhwala kwina. Tinadikira mpaka asisitala aakulu atamaliza odwala. Anali mayi wa imvi, wotopa, koma anatimvetsera bwino.

"Mabuku yakale yali ku sitolo kuseli," anatero. "Nilibe munthu wofunafuna. Ngati mwana wanu aziwa kuwerenga, lowani mweka muone."

Mlonda wokalamba anatitsegulira. Munali fungo la chinyontho ndi makoswe. Mabuku aatali a zikuto zakuda anali ataunjikidwa pansi pamodzi ndi machira othyoka ndi mabotolo opanda kanthu. Denga linali ndi bowo pakona, ndipo mabuku a mbali imeneyo anali atatupa ngati buledi wonyowa. Ambiri analibe chaka pachikuto, choncho ndinayenera kutsegula limodzi limodzi. Amayi sadziwa kuwerenga. Ntchito yawo inali kukutumula fumbi ndi kundipatsira.

Tsiku loyamba sitinapeze kanthu. Tsiku lachiwiri masana ndinatsegula buku lina, ndipo ndikutsitsa chala pamzere wa mayina, ndinaona dzina la amayi. Linali lawo ndithu, pamodzi ndi dzina la abambo ndi nambala ya nyumba ya ku Kanyama.

"Amayi, ndapeza!" ndinafuula.

Iwo anasiya buku limene ananyamula, nabwera kudzagwada pafupi nane. Ndinayamba kuwerenga mokweza, koma ndinaima pakati. Chaka sichinali changa. Chinali cha zaka ziwiri ine ndisanabadwe. Pamalo olemba ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi panalembedwa kuti wamwamuna. Kumapeto kwa mzere munthu wina anawonjezera ndi inki yofiira kuti mwanayo anamwalira tsiku lachitatu.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndine woyamba kubadwa. Ngakhale anansi ankaitana amayi ndi dzina langa.

"Bwanji wasiya? Werenga," anatero amayi.

Ndinawerenga zonse mpaka mawu ofiira aja. Amayi anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula.

"Analemba?" anafunsa. "Ine ndinkati palibe amene analemba."

"Anali ndani, amayi?"

"Mlongo wako. Sitinamutche dzina, anali asanagwe mchombo. Anakamuika ndi azimayi achikulire m'mawa, ine anandiuza kuti ndikhale m'nyumba. Sindidziwa ndi pamene anamuika." Kenaka anasuzumira m'bukumo. "Ndionetse pamene pali iyeyo."

Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pamzerewo. Anachisiya pomwepo nthawi yaitali. Sanalire. Ine ndi amene ndinalira, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulirira mwanayo kapena kuti dzinalo silinali langa. Mlonda uja anasuzumira pakhomo, anationa, n'kubwerera.

Buku la chaka changa tinalipeza tsiku lomwelo chakumadzulo, pansi pa mulu wa pakona yodontha. Miyezi yoyambirira inkawerengeka. Kuyambira pakati, masamba anali atamatirirana, ndipo nditayesa kuwalekanitsa ndi chipini cha m'mutu, ankangonyenyeka. Chiswe chinali chitadutsa m'kati n'kusiya dothi. Mwezi wanga wonse kunalibe. Ndinanyamula bukulo m'manja awiri kupita nalo kwa asisitala.

Analiyang'ana, napukusa mutu.

"Mwana wanga, nakumvela chifundo. Koma nikalemba vamene sininaone na maso yanga, nchito yanga izasila. Na ine nili na bana."

Amayi anawachonderera. Anawauza za tsiku limene anandibereka, kuti kunali mphepo ya mwezi wa Julaye, kuti mzamba wake anali wamfupi wa chipsera patsaya. Asisitala anati mzamba ameneyo amamukumbukira, anamwalira kalekale. Kalata sanalembe.

Tinayesa kutchalitchi kumene ndinabatizidwa. Abusa amene tinawapeza anali atsopano. Anati mpingo utagawikana, amene anachoka anatenga mabuku onse, ndipo sankadziwa kuti ali kwa yani. Anatipempherera n'kutiperekeza mpaka pageti. Apa n'kuti milungu itatu itatha.

Mayi wina wa pamsika ndiye anatiuza kuti kholo likhoza kukalumbira pamaso pa woweruza kuti mwana ndi wake ndipo anabadwa tsiku lakuti. Zimenezi zinafuna abambo. Chitsekedwere kampani anali asanapiteko kutauni, ankaopa kukumana ndi anzawo akale. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atavala jekete yawo ya kutchalitchi, imene tsopano inkawakulira m'mapewa. Analumbira atakweza dzanja ngati munthu woimbidwa mlandu. Potuluka anandipatsa pepalalo nati, "Usalipinde."

Kalaliki wa pawindo uja analandira pepalalo. Anandipatsa kapepala kakang'ono kodinda, nati ndibwerenso sabata yamawa. Nditabwerako anati mapepala osindikizirapo masetifiketi anatha, akudikira ena. Sabata inayo anati abwana osaina apita kumaliro. Kenaka anangoti, "Bwelani mailo," ndiye kuti mawa, osandiyang'ana n'komwe. Ndinkapita ndekha tsopano, chifukwa amayi sakanatha kusiya kantemba masiku onse. Ndinkaima pamzere ndi anthu omwewo mpaka tinayamba kupatsana moni ngati achibale. Panali bambo wina wa ku Chawama amene ankafuna mapepala a ana a mchimwene wake womwalira, ndi mtsikana wa ku Mtendere amene ankabwera ndi mwana kumbuyo. Palibe mwa ife amene ankakalipa. Tinkaopa kuti tikakweza mawu, mapepala athu asowa.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinapitabe. Ndinanyamula sutikesi, nsapato zobwereka zili kuphazi, kapepala kodinda kaja kali m'manja. Mayi woyang'anira ophunzira atsopano anakatembenuza uku ndi uku.

"Iyi si setifiketi," anatero.

Ndinafotokoza zonse, za madzi, za chiswe, za mapepala amene anatha. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikhulupirira kuti sanandikayikire. Anati andisungira malo masiku khumi, kupitirira apo pali atsikana ambiri amene akudikira. Ndinakhala pabenchi panja ndikuona anzanga akulowa ndi makolo awo, kenaka ndinanyamula sutikesi pamutu kubwerera ku George. Ndinadutsa njira ya kuseri kuti anthu a papompi asandione.

Masiku khumi aja ndinapita kutauni tsiku lililonse. Anatha.

Kunyumba nkhaniyi sitinaikambenso. Ndinayamba kukhala pakantemba ndi amayi, kenaka mnzawo wina ananditenga kuti ndizimuthandiza kugulitsa salaula, zovala zija zogwiritsidwapo kale ntchito. Setifiketi inatuluka patapita chaka ndi miyezi. Dzina langa analilemba molakwitsa chilembo chimodzi, koma sindinayerekeze kuibweza. Ndinalemberanso kusukulu kuja, ndipo anandiyankha kuti malamulo asintha, ophunzira tsopano azidzilipirira okha. Abambo anali atayamba kudwala chifuwa. Kalata imeneyo sindinawaonetse. Ndinaiwerenga nditaima kuseri kwa mulu wa zovala, ndinaiika m'thumba la epuloni, ndipo mayi wina atafunsa ngati ndili ndi masiketi a ana asukulu, ndinagwada n'kuyamba kumufunira.